Matenda Akumtundu a m'Magazi: Nkhani ya ku Neno

Lero tikambirana za matenda aŵiri a m'magazi amene munthu amabadwa nawo, ndipo nkhani yathu tiyambira ku Neno, boma limene linapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003. Amene munafikako mukudziŵa kuti Neno ali ngati maiko aŵiri m'boma limodzi. Kumtunda, kwa Dambe ndi ku Nsambe, ndi kumapiri kozizira, kwawo kwa mbatata ya kachewere, tirigu ndi manachesi. Kumunsi, ku Lisungwi, Zalewa ndi Matope, ndi kuchigwa kotentha, kwawo kwa udzudzu. Mvula ikagwa, pali midzi ina imene anthu onyamula wodwala amayenda maola angapo asanaone khomo la chipatala. M'midzi yotere banja likhoza kuika m'manda ana aŵiri kapena atatu ophedwa ndi nthenda imodzimodzi, popanda ndi mmodzi yemwe woitchula dzina lake.

Tiyerekeze banja lina la kumapiriko. Mwana wawo woyamba anabadwa bwinobwino, wonenepa ndi woyamwa mwamphamvu. Atakwana miyezi 6 kapena 7, manja ndi mapazi ake anayamba kutupa, ndipo ankalira usiku wonse, osafuna kuti munthu amukhudze. Akuluakulu anati ndi tsempho, nayamba kufunsa kuti ndani mwa makolo aŵiriwo amene sanasunge mwambo. Kutupako kunatha, koma mwanayo anakhala woyezuka, wa maso achikasu, ndipo kumanzere kwa mimba yake kunali kolimba. Anati ndi kapamba, namutema mphini. Kaŵiri konse anapita naye kuchipatala magazi atamuthera, anamuwonjezera ena, ndipo makolo anabwerako akudziŵa kuti anali malungo. Asanakwane zaka zitatu anamwalira. Mwana wachiŵiri anakula wopanda vuto. Wachitatu, pa miyezi yomweyo, manja ake anayamba kutupa.

Apa mpamene mudzi umayamba kuyang'anana. Akuchikazi amati mkamwini ndiye anabweretsa tsoka pamudzi; akuchimuna amati mwana wawo anakwatira pamtundu woipa. Ankhoswe akalephera, banja limatha. Nthaŵi zina maso onse amatembenukira kwa agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi. Tisayese kuti zimenezi nzazing'ono. Mu Januwale 2016, m'dera la Mfumu Dambe, anthu anayi okalamba anaphedwa ataganiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Uko kunali mphenzi, sanali matenda. Koma mtima umene umafunafuna munthu womuloza chala pamene imfa yasoŵa tanthauzo ndi womwewo. Tsono nthenda ya ana a m'banja lijali ili nalo dzina, ili ndi njira yodziŵika imene imayendamo, ndipo panjira imeneyo palibe mfiti kapena munthu wolakwira mwambo. Madokotala amaitcha sickle cell.

Kuti timvetse, tiyambe ndi magaziwo. M'dontho limodzi la magazi muli tinthu tofiira mamiliyoni ambirimbiri, timene timatchedwa maselo ofiira. Ntchito yake ndi kutenga mpweya wabwino m'mapapo ndi kuufikitsa m'ziŵalo zonse. Mwa munthu wabwinobwino maseloŵa ndi obulungira ndi ofeŵa, kotero kuti amapindika nkudutsa ngakhale m'timitsempha tocheperachepera, ndipo selo lililonse limakhala masiku pafupifupi 120. Mwa mwana wa sickle cell, chinthu chonyamula mpweya m'kati mwa selo, chotchedwa himogulobini, chinapangika mosiyana pang'ono. Chikangotula mpweya wake chimauma, ndipo selo limapindika nkukhala ngati chisikilo chomwetera udzu, kapena ngati mwezi ukangooneka kumene. Dzina la nthendayi linachokera pomwepo. Maselo otere sakhalitsa: amafa m'masiku 10 mpaka 20 okha, ndipo thupi limalephera kupanga ena mwa liŵiro lofanana. Nchifukwa chake mwanayo amakhala wochepa magazi masiku onse, ndipo maso ake amachita chikasu ndi zotsalira za maselo akufawo.

Vuto lachiŵiri ndi lopweteka koposa. Taganizani ngalande ya m'dimba imene mwaloŵa timitengo tokhotakhota: timakolana, madzi nkuima, ndipo mbewu za kutsogolo zimafota. Ndi mmenenso maselo okhotaŵa amatsekera mitsempha. Akatseka m'timafupa ta manja ndi mapazi a khanda, ndiko kutupa kuja. Akatseka m'mafupa a miyendo, msana kapena nthiti, mwana wamkulu amagubuduka ndi ululu umene anthu amauyesa nyamakazi. Akatseka m'mapapo, kupuma kumavuta. Akatseka mu ubongo, mwana wa zaka zisanu akhoza kufa ziŵalo mbali imodzi ngati munthu wokalamba. Kapamba naye, amene ntchito yake ndi kusefa tizilombo m'magazi, amawonongeka mwana akali wamng'ono. Ndiye chibayo kapena malungo amene mwana wina akanapola nawo, uyu akhoza kumutenga m'tsiku limodzi.

Wina angafunse kuti: nanga bwanji mwanayo amabadwa wathanzi? Nchifukwa chakuti khanda limabadwa ndi himogulobini ya mtundu wina, ya m'mimba, imene siuma. Imeneyi imanka ichepa m'miyezi yoyamba, ndipo pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ya nthenda ija ndiyo yachuluka. Nthaŵi imeneyi ndi yomwenso mwana amakhala atayamba phala ndipo makolo abwerera kumphasa, chotero nkosavuta kuona chifukwa chake anthu amagwirizanitsa kutupako ndi tsempho. Zinthu ziŵirizi zimangokumana pa nyengo imodzi, monga mmene kulira kwa tambala kumakumanira ndi kutuluka kwa dzuŵa.

Tsopano tifike pa funso limene limapasula mabanja: nthendayi imachokera kwa yani? Munthu aliyense ali ndi mbewu ziŵiri zolamula kapangidwe ka himogulobini yake, ina yochokera kwa bambo, ina kwa mayi. Amene ali ndi mbewu imodzi yabwino ndi imodzi ya sickle cell sadwala. Amalima, amabereka, amakalamba, osadziŵa nkomwe kuti wanyamula kanthu. Wodwala ndi uyo amene walandira mbewu za nthenda ziŵiri, imodzi kuchokera mbali iliyonse. Mveni bwino pamenepa, inu ankhoswe ndi eni mbumba: mayi yekha sangapatse mwana sickle cell, bambo yekhanso sangathe. Pamene pali mwana wodwala nthendayi, ndiye kuti makolo onse aŵiri anaperekapo, ndipo palibe mwa iwo amene anasankha mbewu imene anabadwa nayo.

Mukhoza kuyesa nokha pakhomo. Tengani zikho ziŵiri, china cha bambo, china cha mayi, ndipo m'chikho chilichonse muikemo nyemba imodzi yoyera ndi imodzi yofiira. Tsinzinani, mutole imodzi uku ndi imodzi uko. Ameneyo ndi mwana mmodzi. Bwezeranimo, mukhutchumule, mutolenso. Mukachita zimenezi kambirimbiri mudzaona kuti pa maulendo anayi alionse, pafupifupi kamodzi mumatola zoyera zokhazokha, ndiye mwana wopanda mbewu ya nthenda. Kaŵiri mumatola yoyera ndi yofiira, ndiye mwana wathanzi koma wonyamula. Ndipo kamodzi mumatola zofiira ziŵiri, ndiye mwana wodwala. Koma taonani kuti zikhozo sizikumbukira zimene munatola poyamba. Mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Banja lina likhoza kubereka ana asanu popanda wodwala, pamene lina limalandira odwala atatu motsatizana, ndipo mabanja onsewo ndi ofanana m'magazi mwawo.

Kodi onyamula mbewuyi ndi ochuluka bwanji? Kafukufuku wa m'dziko lonse la Malaŵi wa 2015 ndi 2016, amene anayeza magazi a ana aang'ono, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse anali nayo mbewu imodzi, ngakhale kuti chiŵerengerocho chimasiyana malo ndi malo. Tikaŵerengera pamenepo, ndiye kuti pa mabanja 100, pafupifupi limodzi ndi la onyamula okhaokha, ndipo pa ana 400 obadwa, mmodzi angakhale wodwala. M'mudzi umodzi imeneyo ndi nthenda yosoŵa, yoti anthu sangaizoloŵere ndi kuipatsa dzina. M'dziko lonse ndi ana ambiri chaka chilichonse. Padziko lonse lapansi ana oposa 300,000 amabadwa nayo pachaka, ochuluka a iwo kuno ku Africa. Chimene chinachulukitsa mbewuyi kuno ndi malungo. M'chaka cha 1954 Anthony Allison, atayeza anthu kum'maŵa kwa Africa, anasonyeza kuti mwana wonyamula mbewu imodzi amatetezeka kwambiri ku malungo akupha. Chotero mbewu yomweyo imene inapulumutsa makolo athu ambiri m'zigwa za udzudzu ndiyo imavulaza mwana amene wailandira kaŵiri.

Pali nkhani ya chisuweni imene sitingailambalale. M'midzi yakutali anthu amakwatirana pafupi, ndipo mwambo wathu unkalola, penanso kukondwera, kuti munthu akwatire msuweni wake. Asuweni ali ndi agogo amodzi; ngati agogowo anali ndi mbewu ya nthenda, ikhoza kutsikira mbali zonse ziŵiri nkudzakumana mwa mwana. Kwa munthu wonyamula, kukwatira msuweni kumakweza pafupifupi kaŵiri mpata woti mnzakeyo akhalenso wonyamula. Komabe ine sindiona kuti nkoyenera kuloza chala mabanja achisuweni, pakuti ana ochuluka a sickle cell amabadwa kwa makolo amene sali pachibale konse. Chimene chimathandiza ndi kuyezetsa magazi, makamaka ngati kumtundu kwa wina mwa aŵiriwo kunafapo ana aang'ono motsatizana. Zoti akwatirane kapena ayi atadziŵa zotsatira ndi zawo eni ake, atamva uphungu wa achipatala.

Nthenda yachiŵiri ndi yosoŵa kwambiri, ndipo kayendedwe kake ndi kena. Dzina lake ndi hemofiliya. Munthu akadzicheka, m'magazi mwake muli zinthu zingapo zimene zimagwirizana kuti magaziwo aundane ndi kutseka bala. Wa hemofiliya amasoŵa chimodzi mwa zimenezi, kaŵirikaŵiri chimene madokotala anachipatsa nambala 8, penanso cha nambala 9. Sikuti magazi ake amathamanga kuposa a anzake, koma kuti sasiya msanga, ndipo akasiya amayambiranso. Mwana wotere akayamba kukwaŵa amachita mabala akuda pansi pa khungu popanda womumenya, mpaka amayi ake kuganiziridwa nkhanza. Akadziluma lilime kapena akaguluka dzino, magazi amatuluka masiku. Choopsa chenicheni ndi magazi otayikira m'kati: bondo kapena chigongono chimatupa, kutentha ndi kuŵaŵa, ndipo zikabwerezabwereza mwendo umapindika osawongokanso. Mtundu wofala wa nthendayi umagwira pafupifupi mwana wamwamuna mmodzi mwa 5,000 obadwa.

Ndanena kuti mwana wamwamuna, chifukwa hemofiliya imadwalitsa makamaka amuna, koma imadzera mwa akazi. Mayi wonyamula mbewuyi kaŵirikaŵiri sadwala, ngakhale ena amataya magazi ambiri posamba kapena pochira. Mwana wake wamwamuna aliyense akhoza kuilandira kapena ayi, theka kwa theka. Mwana wake wamkazi aliyense chimodzimodzi akhoza kukhala wonyamula kapena ayi. Bambo wodwala hemofiliya sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake aakazi onse amanyamula mbewuyo, nkudzaipereka kwa zidzukulu. Ife amene timaŵerenga mtundu kuchikazi tiyenera kuimva msanga nthendayi kuposa anthu ena, pakuti imayenda ngati mmene ufumu umayendera kwathu kuno: lero ili pa malume, maŵa ili pa mwana wa mlongo wawo. Mnyamata akamatupa maondo, funso loyamba nlakuti: kodi alongo a amayi ake anali otani? Kodi sipanakhale wina amene anafa ndi magazi atatemedwa mphini, atazulidwa dzino, kapena ali kusimba?

Apanso pasapezeke wonena kuti tsono mlandu ndi wa mkazi. Mayiyo mwina anailandira kwa bambo ake. Ndiponso pa odwala atatu alionse, pafupifupi mmodzi amabadwira m'banja limene nthendayi sinaonekepo nkale lonse; mbewu imangosintha yokha. Siisankhanso osauka. Mfumukazi Victoria ya ku England inali yonyamula. Mwana wake Leopold anamwalira mu 1884 ali ndi zaka 30 atangogwa, ndipo kudzera mwa ana ake aakazi nthendayo inaloŵa m'mabanja achifumu a ku Spain ndi Russia. Mayi wa Alexei, mwana wa mfumu yotsiriza ya Russia, ataona kuti madokotala alephera, anathamangira kwa munthu wodzitcha wochiritsa, Rasputin, monga mmene mayi aliyense wosweka mtima angachitire. Ayuda akale anali atazindikira kale njira yake: malamulo awo a m'buku la Talmud, zaka zoposa 1,500 zapitazo, anamasula mwana ku mdulidwe ngati abale ake aŵiri a mimba imodzi anafa ndi mdulidwewo.

Langizo limeneli likali ndi ntchito lero. Mnyamata wa m'banja la mbiri yotere asapite ku mdulidwe, kaya wa kujando kaya wa kuchipatala, asanayezedwe. Asatemedwe mphini pa bondo lotupa. Asamwe asipirini kapena bulufeni, pakuti mankhwala ameneŵa amawonjezera kutaya magazi. Panado alibe vuto limeneli. Akagwa nkumenyetsa mutu, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuoneka bwino. Mankhwala ake enieni ndi chinthu chosoŵekacho, chimene amachibaya mumtsempha. Ndi okwera mtengo, ndipo kuyeza kotsimikiza nthendayi kumafuna zipangizo za m'zipatala zazikulu, kumene chipatala cha boma chimatumizako wodwala.

Tibwerere ku Neno ndi ku sickle cell, pakuti kumeneko kwachitika zinthu zoyenera kuzimva. M'chaka cha 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno limadziŵika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito m'bomali pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. Mu 2018, pa chipatala chachikulu cha Neno ndi pa chipatala cha Lisungwi anatsegula makiliniki a matenda aakulu okhalitsa, monga shuga ya ana, matenda a mtima ndi sickle cell. Maganizo ake anali akuti m'malo moti mwana wa kwa Dambe azipita ku Queen Elizabeth ku Blantyre mwezi ndi mwezi, ulendo umene mabanja ambiri sangaukwanitse, anamwino ndi madokotala a m'boma momwemo aphunzitsidwe mwapadera kusamalira matendaŵa. Njirayi imatchedwa PEN-Plus. Inafika m'maboma ena monga Salima ndi Karonga, ndipo mu Ogasiti 2022, pamsonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo, maiko a mu Africa a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana kuti aitsate.

Chisamalirocho sichachilendo monga mmene ena angaganizire. Choyamba ndi kudziŵa. Masiku ano kuli tizipangizo toyezera dontho limodzi la pachala, totulutsa yankho m'mphindi zoŵerengeka. Koma ngati mwana wawonjezeredwa magazi posachedwa, muwauze achipatala, chifukwa magazi a munthu wina amabisa nthendayo kwa miyezi pafupifupi itatu. Mwana akapezeka nayo amamwa penisilini tsiku lililonse kufikira zaka zisanu. Kafukufuku wa ku America wa 1986 anasonyeza kuti kambulu kameneka kokha kanachepetsa matenda oopsa a tizilombo ta chibayo ndi 84 pa 100 alionse. Akatemera onse a kusikelo alandire, makamaka wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu 2011. Agone m'masikito usiku uliwonse. Amapatsidwanso timibulu ta folic acid tothandiza kupanga magazi. Koma mankhwala a ayironi ogula pagolosale samuthandiza, pakuti vuto lake si kusoŵa ayironi. Palinso mankhwala otchedwa hydroxyurea, amene amachititsa thupi kupanganso himogulobini ya ukhanda ija. Atawayesa pa ana oposa 600 ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2019 zinasonyeza kuti ululu, kuwonjezeredwa magazi, malungo ndi imfa, zonse zinachepa. Kuchiza kotheratu kulipo kumaiko olemera, mwa kusintha mafuta a m'mafupa kapena kukonza mbewu yeniyeniyo, koma njira yatsopano imene inaloledwa mu 2023 mtengo wake unaposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Tisataye nayo nthaŵi lero. Ngakhale popanda zimenezo, kumene ana amayezedwa akangobadwa ndi kusamalidwa motere, oposa 90 pa 100 alionse amakula nkukhala akuluakulu, pamene akatswiri amayerekeza kuti m'madera a mu Africa opanda chisamalirochi theka la anaŵa kapena kuposapo amamwalira asanakwane zaka zisanu.

Zina ndi za pakhomo, ndipo ku Neno zimatsata malo. Maselo aja amakhota kwambiri thupi likazizidwa kapena likauma. Inu a kumapiri, mu Juni ndi Julaye mwanayo afunde, asasambe madzi a kumtsinje m'mamaŵa, asavumbwe ndi mvula pochokera kusukulu. Inu a ku Lisungwi ndi Zalewa, mu Okutobala dzuŵa likamaswa mtengo, azimwa madzi pafupipafupi, ndipo aphunzitsi amulole kutuluka akafuna. Amayi apemphe anamwino awaphunzitse kukhudza kapamba wa mwana ndi zala, kuti akakula mwadzidzidzi adziŵe. Thupi likatentha, m'manja ndi m'zikope mukayera kuposa masiku onse, akamapuma movutika, kapena mkono ndi mwendo zikalefuka mbali imodzi, musadikire kuti kuche kapena kuti malume abwere adzalamule. Nyamukani.

Nthendayi inalembedwa koyamba m'mabuku a madokotala mu 1910, pamene James Herrick wa ku Chicago anafotokoza maselo okhota m'magazi a mnyamata wina wa ku chilumba cha Grenada amene ankaphunzira za mano. Koma mabanja a ku Africa ankaidziŵa kale. Dokotala wina wa ku Ghana, Felix Konotey-Ahulu, anailondola m'banja la kwawo mibadwo ndi mibadwo mpaka kufika chaka cha 1670, potsata zimene akuluakulu ankakumbukira. Nzeru yotereyi ilipo m'mudzi uliwonse wa kwa Chekucheku, kwa Mlauli, kwa Symon ndi kwa Dambe. Agogo aja amene ena amawakayikira ndiwo akudziŵa kuti ndi ana angati a m'mbumbamo amene anapita ali aang'ono, anali ndi zaka zingati, ndiponso ngati anatupa manja kapena anataya magazi. Dokotala wa ku Neno kapena ku Lisungwi akamva mbiri yotere amadziŵa choyenera kuyeza. Chotero pokaonetsa mwana, musanyamule buku lake la kuchipatala lokha. Khalani pansi madzulo ndi akuluakulu a mbali zonse ziŵiri, muŵerenge ana amene anatisiya ndi mmene anadwalira, ndipo ngati nkotheka mutenge abale ake a wodwalayo, ngakhale khanda limene likuoneka lathanzi, kuti nawonso akayezedwe tsiku lomwelo.